Thalauza Loyera ndi Thireyi Yofiira

Ndinapita ku Toronto ndidakali mtsikana, m'zaka za m'ma 1970, kukawonjezera maphunziro aunamwino. Ndinkagwira ntchito pachipatala china chachikulu m'kati mwa tauni, ndipo ndinkachita lendi kachipinda kam'mwamba m'nyumba ya mayi wina wokalamba. Amalawi tinalipo ochepa kwambiri masiku amenewo. Ukamva munthu akuyankhula Chichewa m'sitima yapansi, unkatsika naye pamene watsikira ngakhale sikumene umapita.

Mnzanga amene ndikufuna kukamba za ukwati wake sanali Mmalawi. Anali mtsikana wa ku Vietnam, wamng'ono thupi, woseka msanga, ndipo ankagwira ntchito m'chipinda chapansi mmene ankawiritsira zipangizo za kuthiyeta. Anathawa nkhondo kwawo pamodzi ndi mayi ake ndi mng'ono wake. Tinadziwana chifukwa cha fungo. Tsiku lina m'kantini anatsegula kabokosi kake ka mpunga ndi tinsomba touma, anthu amene anali pafupi n'kuyamba kusuntha mipando mwaulemu. Ine fungolo linandikoka ngati chingwe, chifukwa linali la matemba enieni. Ndinakakhala pafupi naye n'kumufunsa kumene amagula. Anandipatsa kuti ndilawe, ndipo kuyambira tsiku limenelo tinkadyera limodzi shifiti ikatilola.

Chisanu chitatha chaka china, mitengo itayamba kuphukira, anandipeza m'kantini nkhope ili ngwee. Sanatsegule n'komwe chakudya chake.

"Ndikukwatiwa," anatero m'Chingelezi chake chodukaduka. Changanso sichinali chowongoka kwenikweni, moti tinkamvana bwino.

Ndinakuwa mpaka madokotala a patebulo lina anatembenuka. Mwamunayo ndinkamudziwa pang'ono. Anali mnyamata wa kwawo komweko, wofatsa, wokonza makina pafakitale ina, ndipo nthawi zina ankabwera kudzamudikira pageti atanyamula ambulera.

"Ndibwera! Usavutike n'kundiyitana, ndibwera basi," ndinatero.

"Kubwera kokha ayi. Ndikufuna undigwirire ntchito."

Anandifotokozera mwambo wa kwawo. Patsiku la ukwati, akuchimuna amabwera kunyumba kwa mkazi pamdipiti, anyamata osakwatira atanyamula mphatso m'mathireyi ovundikira ndi nsalu zofiira. Pakhomo pamayenera kuima atsikana osakwatiwa oti alandire mathireyiwo, mtsikana mmodzi thireyi imodzi. Akuchimuna anali atanena kuti abweretsa mathireyi asanu. Iye anali ndi mng'ono wake, ana awiri a mayi wina wa kwawo, ndi mtsikana wina amene anakwera naye ndege imodzi. Asuweni ake onse anatsala kwawo.

"Wachisanu ndiwe," anatero. "Sunakwatiwe, si choncho?"

"Ayi. Koma akulu akwanu avomera munthu wakuda ngati ine aime pamzere umenewo?"

"Amayi ndi amene anena. Akuti mtsikana wodya nsomba zathu uja."

Loweruka lotsatira ndinakwera sitima ya mumsewu kupita kwawo kuti akandiyeze zovala. Ankakhala m'zipinda zam'mwamba za nyumba yopapatiza, mumsewu wodzaza Apwitikizi ndi Ataliyana. Masitepe ake anali opanikiza, okhota pakati, moti anthu awiri sakanatha kudutsana. Mayi ake anali telala, ndipo makina awo osokera anali pawindo. Chingelezi sankachidziwa ngakhale pang'ono. Ndinagwada powapatsa moni monga ndinaphunzitsidwira kwathu, iwo n'kudzidzimuka, kundidzutsa ndi manja awiri, kenaka kundisisita tsaya.

Anatenga tepi n'kuyamba kundiyeza khosi, mapewa, mikono. Atafika m'chiuno anaima, anayang'ana tepi, anayezanso, kenaka anayankhula mawu ochepa ndipo ana awo anagwa nako kuseka.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti nsalu imene anagula yakwana atsikana anayi aja, koma iwe wekha ukufunika ulendo wina wa kusitolo."

Nanenso ndinaseka mpaka misozi. Kenaka mayi aja anatsitsa tepi kuchokera m'chiuno mpaka kuchidendene, n'kuyeza mwendo umodzi paokha. Apa ndiye ndinadabwa. Anandiwonetsa chovala cha mng'ono wake wa mkwatibwi chimene chinali chitatha kale. Chinali diresi lalitali la pinki, logwira thupi kumtunda, kolala yoimirira, long'ambika mbali zonse ziwiri kuyambira m'chiuno. M'kati mwake munali thalauza loyera lasilika, lotakasuka miyendo.

Thalauza! Ine mwana wa mkulu wa mpingo, wobadwira ku Ntcheu, ndinali ndisanavalepo thalauza chibadwire. Kwathu nthawi imeneyo lamulo lenilenilo silinkalola mkazi kuvala thalauza. Ngakhale ku Canada, m'chisanu choluma mafupa chija, ndinkavala masokosi aatali awiriawiri m'kati mwa siketi. Ndinaligwira thalauza lija, linali lozizira ndi loterera ngati madzi. Mantha analipo, koma kunena zoona chidwi ndicho chinachuluka.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinapita kwa mayi ena a ku Dedza amene amuna awo ankaphunzira payunivesite. Anali aakulu kwa tonsefe, ndipo nkhani zathu zonse zinkathera pa iwo. Ndinawapeza akuchapa mbale, ndinatenga nsalu n'kumapukuta, ndikuwafotokozera.

"Mwana iwe, thalauza?" anatero atagwira pakamwa. "Bambo ako akamva adzakomoka paguwa."

"Ndiye ndikane, amayi?"

"Ndani wanena zokana? Anthu akulemekeza, iwe n'kukana? Ungowonetsetsa kuti chithunzi chisapite kumudzi. Usakapositile munthu aliyense, wamva?"

Ndinawauzanso chinthu china chimene chinkandivuta. Mnzanga anali atandiuza kuti akwati amakagwada patsogolo pa zithunzi za makolo awo omwalira n'kufukiza lubani. Ndinkaopa kuti mwina nanenso adzandiuza kuti ndigwade.

Mayi aja anatsuka kapu, anaiyang'ana pawindo, n'kunena kuti, "Iwe akupempha kunyamula mbale. Sanakupemphe kusintha mpingo. Ukaime mwaulemu basi. Ndipo ukabwere udzandifotokozere zonse, usasiye kanthu."

Masabata otsatirawo ndinkangoganiza za ukwatiwo. Ndinasinthana shifiti ndi namwino mnzanga kuti Loweruka la ukwatilo ndidzakhale womasuka. Ndinagula nsapato zoyera zazitali zidendene, n'kumayeserera kuyenda nazo m'kachipinda kanga mpaka eni nyumba anagogoda denga lawo ndi tsache. Tsiku loyesa chovala, mayi a mnzanga anandimanga timabatani ta m'mbali, tochuluka ngati nyemba, n'kundiimika pagalasi. Sindinadzizindikire. Ndinkawoneka wamtali, khosi lowongoka, ndipo ndikasuntha pang'ono nsalu ya kutsogolo ndi ya kumbuyo inkauluka yokha. Ndinaponya mwendo kutsogolo, kenaka winawo. Ndinakhala pampando n'kupingasa miyendo popanda chokoka kapena chobisa. Ndinadzimva ngati mbuzi imene aimasula pachikhomo.

Tsikulo linafika m'nyengo yotentha, kumwamba kuli mbee. Ndinalawira m'mamawa, chovala changa chili m'pepala. Nditafika ndinapeza nyumba yasanduka ina. Bedi ndi makina osokera anali atazitulutsa kukasungitsa kwa Apwitikizi a pansi. Pakhoma anamata mapepala ofiira odulidwa mwaluso. Kukhitchini kunali azimayi odzaza, ena akukazinga, ena akukulunga timitanda ta nyama m'timapepala ta mpunga, onse akuyankhula nthawi imodzi. Chiyankhulo chawo chimakwera ndi kutsika ngati nyimbo, moti sindinkadziwa ngati akukangana kapena akucheza. Wina anandiika chakudya m'kamwa ndisanapereke n'komwe moni.

Atsikana asanufe tinavalira m'chipinda chimodzi. Anzangawo tsitsi lawo linali lalitali lofika m'chiuno, ankangolipesa n'kulisiya. Langa linawasowetsa chochita. Analigwiragwira, anafunsana, mapeto ake wamng'ono wa onse anathothola duwa loyera pamaluwa a patebulo n'kundibaya pamwamba pa khutu. Mkwatibwi sitinamuwone. Anamutsekera m'chipinda china ndipo sankayenera kutuluka mpaka atamuitana.

Kenaka wina amene anali pawindo anafuula, nyumba yonse n'kuyamba piringupiringu. Tinatsika masitepe mothamanga n'kukandanda panja, kuyambira pakhomo mpaka pageti. Ine anandiika kumapeto chifukwa ndinali wamtali.

Akuchimuna anachokera ku Markham, kunja kwa Toronto, kumene amalume a mkwati ankakhala. Masiku amenewo kunali minda yambiri kuposa nyumba. Anabwera pagalimoto zobwereka, koma sanaime pakhomo. Anakaimika kumapeto kwa msewu kuti ayende pansi monga amachitira kwawo. Ndinawaona akubwera pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Patsogolo panali amalume aja, bambo wochepa thupi wa imvi, atavala mkanjo wabuluu ndi kanduwira kakuda. Pambuyo pawo panali mkwati mu suti, atanyamula maluwa, thukuta lili kamukamu. Kenaka anyamata asanu ndi mathireyi ofiira, ndipo kumapeto kwenikweni amuna awiri atanyamula thabwa, pathabwapo nkhumba yathunthu yootcha, yofiirira, yonyezimira, duwa lili kukamwa.

Msewu wonse unatuluka. Azimayi a Chitaliyana anaima m'makonde ndi maepuloni awo, ana anatsatira nkhumba ija, bambo wina amene ankathirira maluwa anaiwala payipi mpaka madzi anayenderera mumsewu. Ine pamzere paja mano anali panja. Ndinkayesa kuumitsa nkhope ngati anzanga, koma zinkakanika.

Atafika pageti sanalowe. Amalume aja anatsogola okha ndi kathireyi kakang'ono ka botolo ndi timakapu tiwiri. Kuchikazi kunatuluka bambo wina wokalamba, mnansi wawo, amene anapemphedwa kuyankhulira banjalo. Anawerama, winayo anawerama. Anayankhulana motalika, mawu apansipansi, aliyense akudikira mnzake amalize. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, koma ndinadziwa zonse zimene zinkachitika. Amenewa anali ankhoswe. Wina akupempha kulowa ngati sakudziwa kuti akuyembekezeredwa, winayo akufunsa chimene abwerera ngati sakuwona nkhumba. Ndinafuna kuseka chifukwa amalume anga ku Ntcheu ankachita chimodzimodzi, mpaka kakhosomole komwe.

Atamwa timakapu tija, anyamata anabwera kudzaima moyang'anizana nafe. Amene anaima patsogolo panga anali wamfupi, mutu wake unkalekeza paphewa langa. Anakweza maso, anandiyang'ana, anayang'ananso mnzake, kenaka anawerama mwaulemu kwambiri n'kundipatsira thireyi. Inali yolemera zedi. Ndinasuzumira pansi pa nsalu ndipo munali mulu wa zipatso, malalanje, maapozi ndi mphesa, zosanjikizana ngati chulu.

Vuto linayamba pamasitepe. Mwambo unkafuna kuti mnyamata ndi mtsikana alowe atagwirizira thireyi limodzi, koma masitepe aja sankalola. Ndiye aliyense wa ife ananyamula yekha. Anzanga anayi, ozolowera zovala zawo, anakwera ngati akuyandama. Ine nditaponda sitepe yoyamba ndinapondanso nsalu ya kutsogolo, ndinadzandira, lalanje limodzi n'kugubuduka kukagwera pamapazi a mkwati. Manja onse anali pathireyi, chogwirira diresi panalibe, nsapato zazitali zija nazo zikundipereka. Kumbuyo kwanga kunali mzere wonse wa akuchimuna ndi nkhumba yawo, onse akudikira ine.

Sindinaganize n'komwe. Ndinangokweza thireyi ija n'kuisenza pamutu, dzanja limodzi n'kugwira nsalu, linalo khoma, n'kuyamba kukwera. Pokhota paja ndinapinda mawondo kuti zipatso zisagunde denga. Kumbuyo kunamveka phokoso, azimayi akukuwa, ndipo ndinaganiza kuti ndalakwira mwambo. Nditafika pamwamba n'kutula, ndinapeza anthu akuwomba m'manja. Mayi wina wachikulire wa kuchimuna anandigwira mkono n'kumaloza mutu wake, akuyankhula mofulumira. Mng'ono wa mkwatibwi anandimasulira kuti kumudzi kwawo, kufupi ndi malire, kuli anthu amene amasenza chomwecho, ndipo chichokereni kwawo anali asanaonenso.

Nkhumba ndiyo inavuta kuposa ine. Thabwa linakana kukhota. Anayesa kuipendeketsa, mafuta n'kuyamba kudontha. Anabwerera nayo pansi, anakambirana, aliyense akupereka nzeru zake. Mapeto ake bambo wa Chipwitikizi wa pansi uja anabwera ndi chingwe, ndipo nkhumba inakwera choimirira, itamangidwa pathabwa ngati wodwala wa pamachira, mphuno kutsogolo. Italowa m'chipinda anthu anaiwombera m'manja kuposa mmene anandiwombera ine.

M'chipindamo tinadzazana mpaka ena anaima pamasitepe. Kukhoma kunali tebulo lokutidwa ndi nsalu yofiira, pamenepo pali maluwa, mbale ya mchenga yobayamo lubani, ndi zithunzi ziwiri zazing'ono za agogo a mkwatibwi, zopindikapindika m'makona chifukwa zinayenda ulendo wonse m'thumba la malaya. Tinayala mathireyi patsogolo pake. Ankhoswe anavundukula imodziimodzi, akutchula zimene zili m'katimo: tiyi, mabotolo a mowa, makeke okulunga m'mapepala obiriwira, mpunga womata wofiira ngati dothi la katondo, ndi zipatso zanga zija, lalanje lothawa lija atalibwezera pamwamba. Anayatsa makandulo awiri aakulu ofiira.

Chithunzi cha bambo a mkwatibwi sichinali patebulopo. Ndinachiwona pashelefu ina pambali, pafupi ndi wailesi. Mnzanga anali atandiuza kale chifukwa chake. Tsiku limene ankathawa, bambo ake anabwerera kukatenga mayi awo okalamba ndipo sanawonanenso. Panalibe amene ankadziwa ngati ali moyo. Anthu ena ankawauza mayi aja kuti aike chithunzicho pamodzi ndi cha omwalira, iwo ankakana. Ndipo sanalakwe, chifukwa patapita zaka zingapo uthenga unabwera woti bambowo ali moyo.

Mayi aja analowa kuchipinda n'kutuluka atagwira mwana wawo padzanja. Ine ndinkamudziwa mnzangayo ali mu yunifolomu yobiriwira, tsitsi lili m'kachipewa ka pepala, manja otuwa ndi nthunzi. Amene anatulukayo anali atavala zofiira kuyambira kukhosi mpaka kumapazi, zopetedwa ndi ulusi wagolide, kumutu kuli chisoti chozungulira chachikasu ngati mwezi wathunthu. Ankayenda pang'onopang'ono, maso pansi. Chipinda chonse chinati zii.

Chimene chinachitika kenaka sindinachikonze. Chinangochokera m'mimba n'kukwera chokha. Ndinaika dzanja pakamwa n'kuimba nthungululu, yaitali, yakuthwa, ya ku Ntcheu yeniyeni, m'kachipinda kodzaza anthu amene anali asanamvepo chinthu chotero.

Bambo wina anataya kapu. Khanda linayamba kulira. Ankhoswe onse awiri anatembenuka, pakamwa pali yasa. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Koma mkwatibwi, amene ankayenera kukhala wamanyazi ndi wachete, mapewa ake anayamba kugwedezeka, kenaka anaphulika kuseka mpaka chisoti chinapendekeka. Anayankhula mawu angapo kwa anthuwo, kenaka anati kwa ine, "Ndawauza kuti kwanu mkazi akakondwa kwambiri amalira ngati ambulansi."

Chipinda chonse chinaseka, ndi mayi ake omwe, akupukuta misozi ndi nsonga ya mkono wa diresi.

Zitatero mwambo unapitirira. Akwati anayatsa lubani, anagwada ndi kuwerama patsogolo pa zithunzi zija. Palibe amene anandiuza kuti ndichite kalikonse. Ndinaima kukhoma, manja kutsogolo, ndipo ndinapezeka ndikuganiza za agogo anga amene anamwalira ine ndili kale kunja, maliro awo osawaona. Ndinawapempherera akwatiwo chamumtima m'njira ya kwathu.

Kenaka anayamba kupereka tiyi kwa akuluakulu. Mkwati ankagwira kathireyi, mkwatibwi n'kumathira m'timakapu tating'ono ngati chigoba cha dzira, n'kupereka ndi manja awiri. Wamkulu aliyense akamwa ankanena mawu a malangizo n'kuwaveka kanthu, wina mphete, wina kachibangili. Atafika pa mayi a mkwatibwi, mnzanga anathira makapu awiri. Mayi aja anamwa yoyamba. Anayang'ana chithunzi cha amuna awo kushelefu kuja, anatenga yachiwiri n'kumwanso, n'kunena mawu ochepa. Azimayi ena anayamba kufwenthera. Mng'ono wake anandinong'oneza kuti, "Akuti ndawamwera ine, kuti asadzanene kuti tinawamana." Kenaka mayi aja anavula ndolo zimene zinali m'makutu mwawo n'kumuveka mwana wawo, koma kachitsulo kanakana kulowa mpaka mkwati anathandiza.

Chisoni sichinakhalitse. Mipeni inatuluka, nkhumba inagawidwa pakati, makeke ndi zipatso chimodzimodzi, chifukwa theka la mphatso limabwerera ndi eni ake. Khungu la nkhumbayo linkathetheka pansi pa mpeni, ndipo mayi wondigwira mkono uja anandisankhira chidutswa chokhuthala n'kuima pomwepo mpaka nditameza.

Phwando lenileni linali masana, kulesitilanti ya Matchaina m'kati mwa tauni. Galimoto sizinakwane, ndiye atsikana asanufe tinauzidwa kuti tikwere sitima ya mumsewu. Tinathamangira pamalo okwerera titagwirana manja, nsalu za pinki zikuuluka m'mbuyo. M'sitimamo anthu anasiya kuwerenga nyuzi zawo. Mayi wina wachizungu wokalamba anatiyang'ana mmodzimmodzi, maso ake n'kudzaima pa ine.

"Mwavala bwino, ana inu. Kodi ndinu ochokera kuti?"

Ndisanatsegule pakamwa, wamng'ono uja anayankha nkhope ili gwa, "Tonse ndife a ku Vietnam. Awa ndi akulu athu."

Mayi uja anagwedeza mutu mwaulemu n'kunena kuti sankadziwa. Tinadzigwira mpaka potsikira, kenaka tinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

Ndikudzuka pamenepo ndinamva mawu kumbuyo kwanga. "Tatembenuka tikuwone!" Anali mayi a ku Dedza aja, atanyamula chikwama cha kumsika chopanda kanthu. Anati amangodutsa kukagula kabichi, koma kwawo kunali kutali ndi kumeneko. Anandizungulira, anagwira silika wa thalauza ndi zala ziwiri, n'kupukusa mutu.

"Koma ndiye wachena, mwana iwe. Zakukhala ngati unabadwa nazo. Kodi telala wakeyo angasokere munthu wa thupi ngati langa?"

M'lesitilanti munali matebulo ozungulira, patebulo lililonse botolo la mowa waukali pakati. Anandikhazika pakati pa azimayi achikulire. Kunabwera mbale ya nyama zozizira zodulidwa mopyapyala, ndi tina toterera tokukutika timene ndinauzidwa pambuyo pake kuti ndi tamoyo ta m'nyanja. Ndinalimbana ndi timitengo tiwiri timene iwo amadyera, nyama ikuthawa, mpaka woperekera zakudya anandimvera chisoni n'kundibweretsera foloko. Kunabwera supu, ndinamwa mbale ziwiri. Kunabwera nkhanu zokazinga, ndinadya kwambiri poganiza kuti ndiwo zathera pamenepo. Azimayi aja ankangotola pang'onopang'ono, akundiyang'ana ndi kumwetulira. Kenaka kunabwera bakha. Kenaka nkhuku. Kenaka nsomba yathunthu yaitali ngati mkono, ndipo mutu wake anaulozetsa kwa ine monga mlendo. Pamene mpunga unkafika, timabatani ta m'mbali tija tinali titayamba kundiluma, ndipo ndinamasula tiwiri mobisa pansi pa nsalu ya tebulo.

Akwati ankayenda tebulo ndi tebulo pamodzi ndi ankhoswe awo. Akafika, onse ankaimirira, kukweza matambula, kuwerenga mokweza m'chiyankhulo chawo n'kukuwa liwu limodzi mwamphamvu. Ine ndinkakuwa nawo ndi tambula yanga ya fanta, osadziwa chimene ndikunena. Atafika patebulo lathu mnzanga anali atasintha, atavala diresi loyera la chizungu. Anandikumbatira n'kundinong'oneza kuti nsapato zikumupha. Azimayi a patebulo langa anamuuza kuti andipemphe ndiimbenso ambulansi ija. Ndinaimba. Ophika anatuluka kukhitchini ndi mipeni m'manja kudzaona chimene chachitika. Azimayi aja anayesa kutsanzira, lilime likuwakanika, wina mano ake oikirira anatsala pang'ono kugwera mu supu.

Chakumapeto bambo wina anaimirira ndi gitala n'kuimba nyimbo yapang'onopang'ono. Phokoso lonse linatha. Amuna akuluakulu anayang'ana m'matambula mwawo, ena ankayendetsa milomo motsatira. Sindinafunse kuti ikunena chiyani. Itatha anyamata anaika chimbale cha nyimbo zovina za masiku amenewo, ndipo mnyamata wamfupi wa thireyi uja anabwera, anawerama monga anachitira m'mawa, n'kundipempha kuvina. Tinavina, iye akuyang'ana m'mwamba, ine pansi, anthu atatizungulira akuwomba m'manja. Ndinavula nsapato n'kumuwonetsa mmene timadulira chiuno kwathu. Anayesa, ndipo amalume a mkwati aja anaseka mpaka kutsamira khoma.

Tinatuluka dzuwa lidakalipo, poti m'nyengo yotentha kumeneko limachedwa kulowa. Pakhomo akuluakulu anandanda kutsanzikana ndi alendo. Amalume a mkwati, nkhope itafiira ndi mowa, kanduwira katakhotera kumbali, anandigwira dzanja ndi manja awo awiri n'kuyamba kuyankhula. Sichinali chiyankhulo chawo, chinali Chifalansa, poganiza kuti munthu aliyense wa ku Africa amachimva. Anayankhula motalika, akuloza kumwamba, akuloza pamtima, akuloza ine. Atamaliza anandiyang'ana, akudikira yankho.

Chingelezi sankachimva bwino, Chifalansa ine sindichidziwa. Ndiye ndinapinda mawondo n'kuwayankha m'Chichewa. Ndinati, "Zikomo kwambiri, bambo. Mwatilandira bwino, tadya, takhuta, tavina. Ana anuwa Mulungu awasunge, nyumba yawo ikhale ya mtendere, alendo asamasowemo. Mukayende bwino pobwerera, mukapereke moni kwa onse otsala kunyumba."

Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu pamalo oyenera onse. Kenaka anati, "Wi, wi," kuvomera m'Chifalansa chawo chija, anandigwedeza dzanja kawiri, n'kutembenukira kwa mlendo wotsatira. Ine ndinanyamula nsapato zanga m'manja n'kuwoloka msewu kukadikira sitima, chifukwa m'mawa mwake ndinali pa shifiti ya kuwodi ya ana.